Wogula Wachinsinsi Amene Anatilanda Chipatala

1

Kunyansidwa kulipo kwamitundumitundu. Kulipo kwa ntchentche yogwera mu tiyi, umangotaya tiyiyo n'kuiwala. Ndiye kulipo kumene ndili nako ine, kosachoka ndi sopo. Matatu, minibasi ya kuno, ikamadutsa nane pa Thika Road, ine n'kuona zitsulo za sitediyamu yatsopano zitaloza kumwamba, malovu amadzaza m'kamwa mwanga, ndipo ndimatembenukira kwina.

Dzina langa ndine Deliwe. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhala ku Nairobi zaka zingapo ndikugwira ntchito ku bungwe lina loona za uchembere wabwino. Ofesi yathu ili ku Westlands, koma ntchito yeniyeni inali Kwa Bomba, mudzi wa nyumba za malata zothinana kuseri kwa mafakitale a ku Industrial Area. Kumeneko mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana amamukweza pa ngolo yokoka ndi manja, yomwe ija amanyamulira makala, n'kumalimbana nayo m'matope kufuna msewu. Ena amafika kuchipatala. Ena amachirira panjira, anzawo atawatchinga ndi zitenje. Ena sabwerako.

Mtsogoleri wa amayi a kumeneko anali Nicole, mayi wamfupi wa mawu ngati woitanira minibasi. Ine ndi iyeyo tinayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha zidendene, kufikira tsiku limene akuluakulu a mzinda anavomera kuti malo alipo, ndalama zaikidwa padera, chipatala cha amayi chimangidwa Kwa Bomba. Tsiku limenelo ndinavina m'matope ndi nsapato za kuofesi.

Kenako kunatulukira Edmund. Ameneyu ndi mpondamatiki wa kuno, mwini wake wa timu ya Radi yosewera baseball mu ligi yatsopano ya mizinda ya maiko angapo. Musandifunse zambiri za masewerawo. Wina amaponya kampira, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga mozungulira, ena onse ataima ngati akudikira basi. Kwathu tikanati ndi maraundasi a anthu andevu.

Edmund anaonekera pa TV maso ali jenjenje ndi misozi yobwereka.

"Mzinda uno ndimaukonda ngati mayi wondibereka," anatero. "Koma ngati boma silitimangira sitediyamu yathuyathu ku Kasarani, pali munthu wakunja amene akufuna kugula timuyi n'kupita nayo kwawo. Manja anga ndi omangidwa."

Munthu wa mahotela ndi malole, manja omangidwa! Koma thumba la ndalama za chitukuko linali limodzi. Sitediyamu ikadya, chipatala chigona ndi njala. Akuluakulu a mzinda nkhaniyo anaisiya m'manja mwa komiti ina, imene sinditchula dzina lake, kuti imve maganizo a anthu kenako iponye voti.

2

Kunyumba nako zinthu zinali zopendekeka. Mwamuna wanga Fumbani ntchito inamuthera pamene bungwe lawo linatseka pulojekiti. Anali katswiri wa zachuma, wolankhula ngati wailesi, ndipo kukhala pakhomo mkazi akupita kuntchito kunkamudya ngati chiswe. Amalawi anzathu akamufunsa ku tchalitchi ankayankha kuti, "Ndili mu consultancy." Consultancy yakeyo ine ndinkangoiona ngati laputopu ndi khofi wa m'malesitilanti a ku Westlands. Sindinkamufunsa. Ndinkamumvera chisoni, komanso ndinkamukonda.

Nthawi yomweyo ndinaitanitsa bambo anga kuchokera ku Ntcheu kuti adzawachotse ng'ala m'maso. Bambo anga ndi aphunzitsi a Ndau, ahedi opuma, mkulu wa mpingo, munthu amene moyo wake wonse analibe chuma china koma dzina. Ndi aatali, a imvi zoyera mbee, ndipo Chingerezi chawo ndi chija chakalekale, chochita kusita. Asanalankhule chilichonse, ngakhale pemphero la chakudya, amayamba agogoda tebulo ndi chala ngati akutontholetsa kalasi. Opaleshoni itatha, dokotala anawalamula kuti azivala magalasi akuda mpaka maso atapola.

Masiku oyamba, iwo ndi Fumbani ankapatsana ulemu wa mpongozi ndi mkamwini mpaka kutopetsa. Ali m'chipinda chimodzi, ankalankhulana kudzera mwa ine.

"Nandau, uwafunse apongozi ngati adzuka bwino," bambo ankatero, akunditchula ndi mfunda wathu.

Tsiku lina tikudya, ndinayamba kutukutira ndi nkhani ya sitediyamu.

"Wogulayo kulibe," ndinatero. "Ndani wamisala angagule timu yongoluza? Ndimuuza Nicole kuti amayi azifuula chinthu chimodzi basi: tionetseni wogulayo!"

Fumbani anaika foloko pansi. "Ndiye akapanda kumuonetsa?"

"Basi, bodza lawo lathera pomwepo. Chipatala n'chathu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako maso ake anapita kwa bambo amene ankalimbana ndi fupa la nkhuku, magalasi akuda ali pamphuno. "Smart," anatero. "Ndiwe woopsa iwe, Deli."

Ndinanyada, anzanganu. Ndinkayesa akundiyamikira.

Sabata yomweyo Fumbani anabwera ndi suti yaimvi, tayi ndi nsapato zonyezimira. Anati si bwino kuti mkulu ngati ameneyu abwerere kumudzi asanauone mzinda ndi maso ake atsopano, ndipo poti ine ndinali wotanganidwa, iye ndiye aziwayendetsa. Bambo analandira sutiyo ndi manja awiri.

"Nandau, uwathokozere apongozi. Andiveka."

Ndinalowa m'bafa kukapukuta misozi. Ndinathokoza Mulungu pondipatsa mwamuna wodziwa kulemekeza makolo a mkazi wake.

3

Mawu athu aja anagwira moto. Amayi a Kwa Bomba anawalemba pa makatoni, atolankhani anawatola, mawailesi anayamba kufunsa funso lomwelo m'mawa uliwonse. Edmund anakhala chete masiku angapo, ife n'kumati wagwidwa pakhosi.

Kenako analengeza kuti wogulayo wafika yekha mu Nairobi, ali pa hotela ina, ndipo komiti idzamuona pa tsiku la msonkhano. Ochemerera timu anakhamukira mumsewu ndi mavuvuzela, akulira kuti mzinda wachita manyazi, alendo akudzatilanda chathu. Ambiri mwa iwo ndikukhulupirira kuti sanaonerepo masewerawo chibadwire.

Ndinapita Kwa Bomba. Ndinamupeza Nicole akuchapa pakhomo pake, nkhope itagwa.

"Dada," anatero, ndi mmene ankanditchulira, kutanthauza kuti mchemwali, "bwanji ngati munthuyo alikodi?"

"Kulibe. Akuopseza chabe."

"Aki, chonde, ukhale ukunena zoona. Sabata yatha mtsikana wa kuseri uku anachirira pa mlatho wa ngalande. Mwana ali moyo, koma mayi ake mpaka pano sakutha kuima. Ine ndawauza amayi kuti akhulupirire iwe."

Ndinamugwira dzanja n'kumulonjeza kuti bodza limeneli ndilivula ndekha, kaya likhale la ndani. Pakamwa pamafulumira mutu usanadziwe kanthu.

Kunyumba bambo ankanyezimira. Ankabwera madzulo akununkhira mafuta amene sindinawagulire, akuyenda mowongoka ngati mnyamata. Anasiya kulankhula ndi Fumbani kudzera mwa ine. Tsopano ankaseka limodzi pakhonde, ine ndikatulukira n'kukhala chete.

"Ababa, mwaona zotani lero?"

"Nyumba zazitali, mwanawe. Mzinda uno uli ndi anthu aulemu kwambiri."

"Ku Nairobi kuno? Aulemu?"

"Kwambiri," anatero, akuvula tayi mosamala.

Ndinaseka. Ndinati ndi chisangalalo cha munthu amene wayambanso kuona.

4

Pa tsiku la msonkhano holo inadzaza mpaka m'mazenera. Mbali imodzi kunali ochemerera amene anawatuta pa mabasi, atavala majezi atsopano a timu ya Radi, ena mapepala a kusitolo akadali lendelende kukhosi. Mbali inayo kunali amayi a Kwa Bomba, ana kumbuyo, makatoni m'manja. Ine ndinakhala pafupi ndi Nicole.

Woyamba kulankhula anali mnyamata wa Edmund. Anawerenga lipoti lonena kuti sitediyamu idzabweretsa ntchito, alendo ndi mahotela, kungotsala pang'ono kunena kuti idzagwetsanso mvula. Nicole anaimirira.

"Tionetseni wogulayo!"

Amayi onse analandira. Edmund anamwetulira, n'kupempha kuti azimitse magetsi.

Pakhoma panaoneka vidiyo ya chipinda cha hotela ya ku Westlands. Edmund anakhala uku, mlendo uko. Nkhope ya mlendoyo anaiphimba ndi chifunga, mawu ake anawasintha ndi makina, ati pofuna kumuteteza. Zinkangooneka kuti ndi munthu wamkulu, wa suti yaimvi ngati masuti ena onse, ndipo mkati mwa chifungamo munali mdima wa magalasi.

Mlendoyo asanalankhule, anagogoda tebulo ndi chala.

Ndinadziuza kuti anthu ogogoda matebulo ndi ambiri padziko lapansi. Analankhula Chingerezi chosita chija, kuti kwawo sitediyamu ndi yokonzeka, boma la kwawo likudikira ndi manja awiri, ndipo iye si munthu wotaya nthawi. Ochemerera anabuula ngati pamaliro.

Ndiye kunabwera kugwirana chanza. Edmund anatambasula dzanja ngati mmene amachitira anthu a bizinesi. Mlendoyo anaimirira, dzanja lamanzere linapita lokha kukagwira chigongono cha lamanja, mawondo anapindika pang'ono, ndipo atamaliza anawomba m'manja mwakachetechete. Akenya sanaone kanthu pamenepo. Koma ndiuzeni, ndi biliyoneya uti amene amagwira chigongono popereka moni kwa munthu wa msinkhu wa mwana wake? Moni umenewo ndakula ndikuuona pakhomo la tchalitchi ku Ntcheu Lamulungu lililonse.

Wogula wachinsinsi, amene ankatilanda chipatala, anali bambo anga ondibereka.

"Dada, uli bwino?" Nicole anandigwedeza. "Watuwa bwanji?"

Wapampando wa komiti analengeza kuti voti idzachitika mawa lake m'mawa. Ndinatuluka, n'kukwera njinga yamoto yoyamba imene ndinaiona.

5

Fumbani ndinamupeza akusita malaya, akuimba kanyimbo ka kwaya.

"Iwe," ndinatero. Chikwatirane ndinali ndisanamutchulepo choncho. "Bambo anga wawachita chiyani?"

Anayang'ana nkhope yanga, n'kuzimitsa ayironi mosapupuluma. Sanakane n'komwe. Anati wakhala akugwira ntchito ndi Edmund miyezi yambiri, lipoti la ntchito ndi alendo lija analemba ndi iyeyo, ndipo sitediyamu ikamangidwa adzakhala manijala wamkulu.

"Idea unandipatsa ndiwe, Deli. Unati akufuna kuona wogula. Ndinayang'ana patebulo, wogula ali pompo akudya nkhuku. Actor wa kuno akanadziwika tsiku lomwelo. Adadi sadziwika ndi aliyense."

"Zonse zimene ndinkalankhula m'nyumba muno unkazitengera kwa Edmund?"

"Ndi business. Unkafuna ndizingokhala pano ngati mphaka wako mpaka liti?"

"Amayi akufa pa ngolo za makala, iwe ukuti business!"

"Sawa, chabwino, kalankhule," anatero, akupinda malaya. "Koma uganize kaye. Ukuyesa apolisi akagwira Edmund? Akagwira nkhalamba yakunja imene inalowa m'dziko muno ngati wodwala n'kukanamiza komiti ya boma. Khoswe wakhala pa mkhate, mayi. Menya tione."

Ndinamva fungo la mafuta ake ndipo ndinatsala pang'ono kusanza. Munthu ameneyu ndinagona naye bedi limodzi zaka zonsezi.

Bambo anali pakhonde, akuyang'ana magalimoto a mumsewu. Ndinagwada pambali pa mpando wawo. Mtima wanga unali utawakhululukira kale, poti ndinkadziwa kuti anawapusitsa.

"Ababa, anakunamizani. Zimene anakujambulani zija si zimene anakuuzani."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana ndi maso awo atsopanowo.

"Tsiku loyamba apongozi anati ndi kafilimu kotsatsa malonda, ndipo ndinakhulupirira. Tsiku lachiwiri ndinadziwa. Sindine mwana, Nandau."

"Munadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Nanga bwanji simunakane?"

"Munthu umakana bwanji mkamwini uli m'nyumba mwake, atakuveka kuyambira kukhosi mpaka kuphazi?"

"Nyumba ino ndi thukuta langa, ababa. Musabisale kumbuyo kwa mwambo. Inu munkakwapula ana chifukwa cha bodza la pensulo."

Ndinkayesa akwiya, koma mawu anatuluka otsika.

"Ndaphunzitsa madokotala, maloya, anthu oyenda pa magalimoto a mbendera. Koma ndikapita kukafunsa za penshoni yanga ndimakhala pa benchi tsiku lonse, kenako kamwana kondiyenera kukhala mdzukulu kamandiuza kuti, madala, mubwere mawa. Kuno munthu wovala magolovesi oyera ananditsegulira chitseko cha galimoto. Ndikatsokomola, chipinda chonse chimadikira. Zinandikomera, mwanawe. Ndikunamize chifukwa chiyani? Zinandikomera."

"Nanga amayi a Kwa Bomba? Ndakhala ndikukuuzani za iwo tsiku ndi tsiku patebulo paja."

"Boma lino ndi lolemera. Lidzawamangira china." Anandigwira paphewa. "Nkhope yanga sinaoneke. Lachisanu ndikwera ndege, nkhani yatha. Usandivule pagulu, Nandau. Ndilibe china chimene ndatsala nacho."

Ndinadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndikanakonda akanakhala opusitsidwa. Ndikanakonda akanakhala okalamba mutu.

6

M'mawa mwake ndinafika muholo. Wapampando, bambo wonenepa wa mawu ofewa, anafunsa ngati pali wina wotsala ndi mawu voti isanachitike. Nicole anandiyang'ana. Sankadziwa kanthu, ankangoyembekezera kuti dada wake wophunzira ali ndi nzeru ina.

Ndinaimirira.

"Wogula amene munamuona dzulo ndikumudziwa," ndinatero. "Si biliyoneya. Ndi mphunzitsi wopuma wa ku Malawi, alibe ngakhale njinga yamoto. Anabwera kuno kudzachotsa ng'ala m'maso, n'chifukwa chake amavala magalasi akuda. Amagona m'chipinda cha alendo kunyumba kwanga ku Kasarani. Ndi bambo anga. Amene anawatengera kwa Edmund ndi mwamuna wanga."

Ndinakweza foni yanga, pali chithunzi chimene ndinawajambula ndekha tsiku limene anavala sutiyo koyamba, tayi yomweyo ya mu vidiyo ija, mpango womwewo m'thumba la pachifuwa. Atolankhani anandithamangira ngati nkhuku zoona chimanga.

Wina kumbuyo anaseka, ndipo holo yonse inaphulika. Ochemerera ankagubuduka ndi phwete. Ine ndinaima pamenepo, koma mumtima ndinati zatheka, ndalipira mtengo wowawa koma chipatala chapulumuka.

Edmund anaimirira, dzanja pamtima. Munthu uja ndi katswiri, ndimupatse ulemu wake.

"Abale anga, ndachita manyazi. Nanenso andipusitsa. Akathyali akunja anabwera kwa ine ndi nkhalamba yawo, ine n'kukhulupirira. Taonani mmene timu yathu yakhalira yamasiye! Chifukwa ilibe nyumba yakeyake, aliyense wodutsa akuiseweretsa. Tiimangire nyumba, kuti zoterezi zisadzachitikenso."

Mavuvuzela analira. Wapampando anati nkhani za m'banja mwa mayiyu si za komiti, apolisi aziona okha, ndipo anaitanitsa kapumidwe ka tiyi. Ndinamutsatira pakhonde.

"Bwana, wogula kulibe. Timu sikupita kulikonse. Palibenso chifukwa chomangira sitediyamu."

Anamwa tiyi wake, n'kundiyang'ana mwachifundo ngati mwana wolephera mayeso.

"Madam, pole sana, pepani kwambiri. Mukuganiza kuti alipo m'komiti muno amene ankakhulupirira za wogula? Timu yoluza chonchija ipite kuti? Ife tinkangofuna choti tikawauze anthu. Sitediyamu ili ndi makontirakiti, ili ndi riboni yodula, ili ndi mwala wolembapo maina athu. Chipatala chili ndi chiyani? Ana olira." Anatenga samusa m'mbale. "Mukanandifunsa kaye musanawachititse manyazi achikulire aja."

Atabwerera muholo anaponya voti. Manja anakwera ngati a ana a sukulu odziwa yankho. Chipatala anati adzachiganizira chaka china ndalama zikadzapezeka.

7

Dzuwa lisanalowe, nkhope ya bambo anga, yopanda chifunga tsopano, inali pa foni iliyonse mu Nairobi, ndipo pofika mawa lake inali itafika m'magulu a WhatsApp a ku Malawi. Fumbani sanadikire apolisi. Ndinapeza wadirobu ili pululu, ndipo ndinamva kuti anadutsa malire pa basi. Apongozi ake, amene anawaveka kuyambira kukhosi mpaka kuphazi, anawasiya okha pa sofa.

Apolisi anawatenga bambo n'kuwafunsa tsiku lathunthu, kenako anawamasula poona ukalamba wawo, n'kulamula kuti achoke m'dziko. Pa ulendo wonse wa ku bwalo la ndege sanandilankhule. Titafika ndinafuna kuwanyamulira chikwama, iwo anachikoka.

"Zikomo, mayi," anatero, ngati akulankhula ndi munthu wachilendo. "Ndinyamula ndekha."

Kuntchito anandiitana n'kundiuza kuti ndaika dzina la bungwe pa ngozi, ndipo anandichotsa ku ntchito ya m'midzi n'kundiika kuseri kwa kompyuta. Ku tchalitchi cha Amalawi amayi amandipatsa moni ndi nsonga za zala. Wina anandiuza m'maso muli gwa kuti mwana wolongosoka saulula za m'nyumba, ngakhale nyumbayo ikupsa.

Mng'ono wanga Esnat, amene amawasamalira bambo kumudzi, akuti anatula okha udindo wa mkulu wa mpingo. Satulukanso masana, chifukwa ana a pa sitolo akawaona amakuwa kuti, "Abiliyoneya, tigulireni timu!" Ndikaimba foni ndimamva mawu awo chapatali akumuuza Esnat kuti anene kuti ali kumunda.

Mwezi watha ndinalimba mtima n'kupita Kwa Bomba. Malo amene panayenera kukhala chipatala anawatchinga ndi waya, ndipo ndi pamene pamagona malole onyamula simenti ya sitediyamu. Nicole ndinamupeza pageti pomwepo akugulitsa tiyi ndi mandazi kwa madalaivala. Anandithirira kapu, n'kundikhazika pa chigubu.

"Dada, ndinamva za bambo ako," anatero. "Unachita zoona, ndipo sitidzaiwala. Koma ulendo wina usadzawotche bambo ako chifukwa cha ife. Ife tinazolowera."

Ndinaika kapu ya tiyi ija pansi.

Inu amene mwawerenga nkhaniyi, sindinailembe kuti mundiweruze, poti oweruza ndili nawo kale okwanira. Ena mwa inu muti ndine mwana wotembereredwa, ena muti ndine ngwazi. Ine ndikungodziwa kuti tsiku lija litabwereranso ndikhoza kuimiriranso, ndipo zimenezi sizinditonthoza ngakhale pang'ono. Chimene ndikukupemphani n'chakuti mukadzamva munthu wolemera akulira pa wailesi kuti achoka ndi timu yake, fakitale yake kapena ndege zake ngati boma silimupatsa za misonkho yanu, musathamangire kufunsa kuti akupita kuti. Sapita kulikonse. Funsani kuti chimene akufunacho achichotsa m'kamwa mwa ndani, ndipo muyang'anitsitse amene akhala pa mpando woweruza, chifukwa mwina anagwirizana kale nkhani isanafike kwa inu.

Fumbani amandinyansa, Edmund amandinyansa, koma awo ndi akuba wamba, dziko ladzaza nawo. Chimene chimandidzutsa nseru kwenikweni ndi chakuti ndinapereka dzina la bambo anga, chuma chokhacho chimene anali nacho, pofuna kuulula bodza kwa anthu amene ankalidziwa kale. Amayi a Kwa Bomba akuchirirabe panjira. Ndipo bambo anga, nthawi iliyonse ndikaimba, ali kumunda.